Denga Limene Linakana Kunyamuka

Nkhani iyi ndinailetsa panyumba panga. Ndinalamula kuti isatchulidwe patebulo, pakhonde kapena kuchitsime, koma lamulolo lakhala likusweka mlungu uliwonse kwa zaka zambiri. Popeza aliyense akuifotokoza mopotoza, ena mpaka kunena kuti ndinalira, ndaganiza zoilemba ndekha mwadongosolo. Ndi yochititsa manyazi, sindikana. Koma sindinalire.

Ndinaphunzitsa m'sukulu za mishoni zaka makumi atatu. Nditapuma ntchito, m'masiku aja a Chitaganya pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhe moni, ndinakakhala kwawo kwa akazi anga, amake Esinati, pamudzi wina kumtunda kwa Kachulu. Mpingo unandisankha kukhala mkulu. Panyumba panga chilichonse chinali ndi nthawi yake: mapemphero sikisi koloko, tiyi folo koloko. Nkhuku zokha ndizo zinkandiderera.

Chinthu chimodzi muchidziwiretu. Ine ndinalowa kumishoni ndili kamwana kamasiye, ndipo ndinakulira m'nyumba za njerwa ndi malata. Mitsinje ya ku Ulaya ndinkaidziwa pamtima, koma ndinali ndisanamangepo ngakhale khola la nkhunda.

Tsiku lina ku Zomba, ndikudutsa kuseri kwa mpanda wa mzungu wina, ndinaona kanyumba pakati pa maluwa. Mizati inalipo, denga linalipo, zipupa ayi. Dona anali m'menemo akuwerenga buku, mphepo ikumupita bwino. Bambo wosamala maluwawo anandiuza kuti dzina lake ndi samahati. Pomwepo ndinatsimikiza mtima kuti abusa athu, amene ankabwera kudzayendera akulu a mpingo Loweruka lomaliza la Okutobala, adzamwera tiyi mu samahati yanga.

Kumishoni anandibwereka buku la zithunzi, ndipo ndinatha masiku atatu ndikusankha. Yozungulira ndinaikana, chifukwa anthu akanati ndi nkhokwe imene ndalephera kumaliza. Ya ngodya zinayi ndinaikananso, inkafanana ndi zisakasa zogulitsiramo matemba. Ndinasankha ya ngodya zisanu ndi imodzi, chifukwa imeneyo siitheka popanda rula, ndipo rula pamudzi ponse ndinali nayo ndine ndekha.

Kenaka ndinapereka lamulo.

"Amake Esinati, samahati iyi ndimanga ndekha. Sindifuna malangizo, sindifuna mafunso. Za samahati musanditchulire mpaka itatha."

"Chabwino, abambo. Pakamwa panga ndatseka."

Ndipo anatsekadi. Pa malamulo onse amene ndapereka muukwati wathu, limeneli lokha ndilo analisunga mosaphonya.

Mizati isanu ndi umodzi ya bulugamu ndinaizika pafupi ndi nthochi, nditaiwaula kumatsinde chifukwa cha chiswe. Inaima njo, ngati ana a sukulu pamzere. Denga ndinalimangira pansi, pambali pa mizatiyo, pakuti makwerero sindigwirizana nawo. Nditamaliza kumanga nsungwi ndinaona kuti n'kupusa kudikira, ndiye ndinalifoleratu pansi pomwepo. Udzu ndinaika wokhuthala, mphepete ndikumeta ndi sizasi. Zakuti lidzakwera bwanji pamizati ndinati ndiganiza pambuyo. Ndinali ndi pulani ya zingwe ndi mawilo, kungoti ndinali ndisanaijambule.

Lolemba la mlungu womaliza kunabwera Che Bwanali, mnansi wathu wa kuseri kwa nthochi. Anali msodzi, Msilamu, munthu woseka kwambiri, ndipo ine anthu oseka kwambiri sindiwakhulupirira. Ndinkadziwanso kuti mwera unali utasasula denga la chisakasa chawo chosungiramo nsomba kudoko.

"Aphunzitsi, mwafolera lili pansi?"

"Maso muli nawo, Che Bwanali."

"Iii! Udzu wonsewu?"

Analizungulira kawiri. Anawerama, kulowetsa manja kunsi kwa mphepete, kuyesa kutukula. "Walahi!" Kenaka anayamba kuwerenga zala. Zala zitatha anayambiranso.

"Lachisanu muli pakhomo, aphunzitsi?"

"Mukufunsiranji?"

"Ayi, kungofunsa."

Kungofunsa! Zaka makumi atatu m'kalasi zinandiphunzitsa kuti palibe munthu amene amangofunsa.

Lachiwiri ndinapeza mitengo inayi yaitali, ya mphanda kumapeto, itagonekedwa kuseri kwa nthochi, pamalire pathu. Yodulidwa kumene. Ine sindinadule.

Lachitatu amuna odutsa panjira anayamba kupereka moni kwa ine koma maso ali padenga. Mmodzi wa iwo anali a Mulipa, Mkhristu mnzanga, amene mwezi wathawo ndinawatengera kubwalo la akulu a mpingo chifukwa chomangirira chithumwa m'chiuno mwa khanda lawo. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wouma. Koma tsikulo anaima, kuyang'ana denga, kufunsa kuti, "Latha?" Kenaka ndinawaona akulowera kwa Che Bwanali.

Madzulo ake ndinalowa kukhitchini, kumene sindilowa kawirikawiri, ndipo ndinapeza mbiya ziwiri zovundikira.

"Amake Esinati, ichi n'chiyani?"

"Thobwa."

"Mbiya ziwiri? Pali ukwati wa yani?"

"Ndi la Lachisanu."

"Lachisanu kuli chiyani?"

"Munandiletsa, abambo."

Ndinakhala patebulo ndi kuika zonse mwadongosolo, monga samu. Che Bwanali alibe denga. Ayesa kulemera kwa langa. Awerenga anthu olinyamula. Abisa mitengo yonyamulira. Afunsa ngati ndidzakhala pakhomo. A Mulipa ali nane chifukwa. Ndipo akazi anga, amene sanaikonde samahati kuyambira pachiyambi pakuti inawadyera malo a maungu, aphikira akubawo thobwa. Ansala inatuluka yokha.

Munthu wina akanangopita kukafunsa. Koma wakuba safunsidwa, amagwidwa. Ndinafuna umboni: mayina, tsiku ndi nthawi.

Lachinayi masana amake Esinati atapita kumsonkhano wa amayi, ndinakumba kadzenje pansi pa mphepete ya denga, mbali ya kunthochi, kongokwana munthu wokwawa. Ndinalowa ndi hamala, zikhomo zisanu ndi chimodzi zazitali ndi chingwe cha khonje. Pangodya iliyonse ndinakhoma chikhomo mpaka chinamira, ndipo ndinamangirira denga kuchikhomocho cham'kati, kuti wakunja asaone kanthu. Mfundo zake ndinamanga zitatuzitatu, ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse. Ndinanyowetsanso khonjeyo kuti akauma agwire bwino. Potuluka ndinaphimba kadzenjeko ndi udzu. Ndinagona tulo tabwino.

Lachisanu chakumasana ndinavala jekete ndi tayi, kutulutsa njinga.

"Ndikupita ku Songani. Ndibwera dzuwa litapendeka."

"Lero, abambo?"

"Lero. Pali vuto?"

"Ayi. Mwina n'kwabwino kotero."

Mwamva? Mwina n'kwabwino kotero!

Ndinapalasa mpaka kupitirira mtengo wa mango wa kumphambano, kubisa njinga m'chinangwa cha eni ake, kubwerera chozemba kudzera m'nthochi. Mkulu wa mpingo, wa tayi, ndinagona chafufumimba ndi kukwawira pansi pa denga langa. Ndinanyonyomala pakati, kabuku pabondo. Pamwamba pa tsamba ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti AKUBA, ndi kudula mzere kunsi kwake ndi rula. Inde, rula ndinatenga. Mpeni ndi umene ndinaiwala.

Kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja mukukudziwa. Pansi pa udzu umenewo kunali ngati mu uvuni. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi, koma ndinapirira.

Asilamu atatuluka kumzikiti ndinamva mawu akuyandikira. Ndinasuzumira pakampata ka udzu ndi kuyamba kulemba. Bwanali. Mulipa. Che Mussa wosema mabwato. Ana awiri akuluakulu a Che Saidi. Ndinafika mayina khumi ndi awiri. Anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, akuseka, osaopa ngakhale pang'ono. Ndinalemba m'mphepete kuti: alibe manyazi.

"Odi kuno! Eni ake alipo?" Anali Che Bwanali.

"Apita ku Songani," anayankha amake Esinati.

"Alihamudulila! Akanakhalapo akanatiyeza ndi rula mmodzimmodzi."

Onse anaseka. Ndinalemba zimenezonso.

Analizungulira dengalo, aliyense pamalo pake. Ndinkangoona mapazi okhaokha mbali zonse, ndipo phazi lina linaponda pa kadzenje kanga kenikeni.

"Gwirani bwino. Bisimila! Tiyeni!"

Nsungwi zinalira. Denga silinasunthe. Ine m'kati ndinamwetulira.

"Aaa, inu a kumbali uko mukunyamula kapena mukusisita? Kachiwiri! Limodzi!"

Zii.

"Che Bwanali, munati anthu khumi ndi awiri akwana."

"Lolemba ndinalitukula ndekha mbali iyi, linanyamuka mpaka m'mawondo! Funsani amayiwa."

Anayesa kachitatu, akubuula ngati ng'ombe. Kenaka mapazi aja anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Abale," anatero Che Mussa motsitsa mawu, "bwato la mtengo wauwisi timalikoka anthu asanu ndi atatu. Uwu ndi udzu. Udzu sukana anthu khumi ndi awiri."

"Mukuti bwanji?"

"Ndikuti denga ili n'lotsirika."

"Aphunzitsi? Atsirike denga?"

"Nanga n'chifukwa chiyani ankamanga okha, osalola munthu kukhudza? Ngodya zisanu ndi imodzi munaziona kuti? Ndipo lero lomwe athawira ku Songani."

Apo ndinamva mawu a a Mulipa, okoma ngati a munthu amene watola nkhwangwa panjira.

"Ehee! Ine anandiimika pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha kachingwe ka mwana. Kachingwe! Iwo akukwirira mankhwala oti amuna khumi ndi awiri alephere udzu. Mawa abusa akubwera. Ndidzawatengera pano ndekha, adzayese okha kunyamula."

Kumwetulira kwanga kunathera pomwepo. Mkulu wa mpingo wopezeka ndi zitsamba sakhalanso mkulu, ndipo mboni zinalipo khumi ndi ziwiri, za zipembedzo ziwiri.

"A Mulipa, dekhani," anatero Che Bwanali. "Ife tabwera kudzakweza denga la mnansi wathu pamizati, monga timachitira ndi denga la aliyense. Lanu lija tinakweza chaka chatha, munatiitana? Simunatiitane. Tinaona kuti latha, amayi anaphika thobwa, tinabwera. Awa ndi munthu wa mabuku, zamudzi sazidziwa, mwaona okha afolera lili pansi. Koma mawa ali ndi mlendo wamkulu. Mukufuna mlendoyo adzamwere tiyi padzuwa, mudzi wonse uchite manyazi?"

Pensulo inagwa m'manja mwanga.

Ndinayang'ana tsamba lija. AKUBA, mzere wowongoka bwino kunsi kwake. Ndinayang'ana zikhomo zanga. Mitengo ya mphanda ija inali yokankhira denga pamwamba pa mizati. Zala za Che Bwanali zinkawerenga anthu odzandithandiza. Pamudzi ponse munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa kuti denga likatha anansi amabwera okha, ndipo munthuyo anali atanyonyomala pansi pa dengalo atavala tayi.

Tsono ndichite chiyani? Ndikakhala chete, mawa ndine mfiti pamaso pa abusa. Ndikatuluka, ndiye kuti ndauza amuna khumi ndi awiri kuti ndinawayesa mbava. Ndinasankha njira yachitatu: kumasula zingwe mwakachetechete, denga linyamuke, nkhani ya mankhwala ife, ine ndizembe pakadzenje iwo ali otanganidwa. Pulani imeneyi inali ndi zoperewera, ndikuvomera.

Kunja anagwirizana zoitana anthu ena. Ndinamva amake Esinati akutulutsa mbiya yoyamba kuti odikirawo anyowetse kukhosi. Ine kukhosi kunali gwa, ndikumva zikho zikugundana.

Ndinakwawira kuchikhomo choyamba. Khonje uja ndinanyowetsa anali atauma ngati waya. Zikhadabo zinathyoka. Ndinagwiritsa pensulo, inathyoka. Ndinagwiritsa rula, ndipo ndi chisoni ndikulemba kuti nayonso inathyoka. Kunatsala mano.

"Mwamva?" anatero wina. "M'katimo muli chinthu chikutafuna."

"Ndi makoswe."

"Khoswe amapuma chonchija?"

"Ndanena ine kuti n'lotsirika," anatero Che Mussa. "Chimene anaikamo chadzuka."

Ndinasiya kupuma mpaka anayambanso kukamba zina. Mfundo imodzi, ziwiri, zitatu, ngodya yoyamba yatha. Yachiwiri. Yachitatu. M'kamwa monse munali ulusi wa khonje, bondo la buluku linang'ambika. Ndili pa ngodya yachisanu ndinamva gulu likufika kuchokera kudoko, asodzi a mapewa ngati zitseko, akufunsa kuti denga lamatsengalo lili kuti. Amayi ndi ana anabweranso kudzaonerera. Mapazi tsopano anali osawerengeka.

Ndinafika pa chikhomo chomaliza. Mfundo ziwiri zinamasuka. Yachitatu ndinailuma bwinobwino, nditagwada, manja pansi.

"Amuna makumi awiri tsopano," anakuwa Che Bwanali. "Likakana apa, ndiye kuti a Mulipa akunena zoona. Mphamvu zonse! Bisimila! Tiyeni!"

Amuna makumi awiri anakoka ndi mphamvu zoti azule mtengo, pamene chogwira denga chinali mfundo imodzi yomasuka kale theka. Linauluka. Linafika pamapewa awo kamodzi n'kamodzi, ena mpaka kudzandira. Kuwala kunandigwera ngati tsiku la chiweruzo.

Ndinali pamenepo, pakati pa bwalo, chogwada ngati mbuzi, chingwe chili kukamwa.

Amayi anakuwa. Ana anathawa. Amuna sakanatha kuthawa chifukwa denga linali pamapewa, ndiye anangowerama onse makumi awiri ndi kusuzumira kunsi. Nkhuku imodzi inabwera, kundiyang'ana, kupitirira.

Che Bwanali ndiwo anayamba, mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Ndinalavula chingwe. "Ndaswera bwino, kaya inu, Che Bwanali?"

"Taswera. Ku Songani kuli bwanji?"

Ndinaimirira, kukonza tayi, kusasa fumbi m'mawondo.

"Ndimachita inspection," ndinatero.

"Ya m'kati?"

"Ya m'kati."

"Ndi mano?"

"Abale, denga likulemera!" anakuwa msodzi wina. "Mudzafunsana pambuyo!"

Analinyamula, kulikankha ndi mitengo ya mphanda ija, ndipo linakhala pamizati yanga bwino lomwe, ngodya iliyonse pamzati wake. Pa ichi chokha ndiyenera kuyamikidwa: miyeso yanga inali yolondola. Koma palibe anayang'ana miyeso. Onse ankayang'ana pansi pamene panali denga, pomwe zikhomo zisanu ndi chimodzi zinaonekera poyera ndi zingwe zake zotafunidwa.

Che Mussa anagwedeza chikhomo chimodzi ndi phazi. "Mankhwala aja ndi awa."

A Mulipa anaoneka okhumudwa ngati munthu wolandidwa nyama pakamwa. Koma maso awo anagwera pa kabuku kanga, kali chotsegula pafumbi, ndipo a Mulipa kuwerenga amadziwa. Ndinawaphunzitsa ndine. Anayamba kuwerama, koma amake Esinati anawatsogolera, kukatola ndi kukayang'ana nthawi yaitali.

"Alembamo chiyani, mayi?" anafunsa Che Bwanali.

"Mayina anu."

"Mayina athu? A chiyani?"

Akazi anga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mapiri a pachilumba cha Chisi.

"A anthu oyamba kulandira thobwa," anatero. "Abambo amakonda dongosolo. Khalani pansi, ndiziitana mmodzimmodzi."

Anaitana mayina onse khumi ndi awiri monga ndinawalembera, chala chawo chachikulu chitaphimba mawu a pamwamba aja. Aliyense analandira chikho chake mu samahati yanga, pamthunzi. Che Bwanali anaseka mpaka thobwa linawatulukira m'mphuno. Ndikhulupirira kuti anadziwa zonse, pakuti popita anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mitengo ya mphanda ija ndikutenga. Ndi yanga. Ndanena poyera kuti musavutike kulowanso pansi."

Anthu atabalalika ndinatambasula dzanja kuti andibwezere kabuku. Amake Esinati anang'amba tsambalo, kupempha kachidutswa ka pensulo yanga yothyoka, ndi kulembapo kanthu.

"Mukulemba chiyani?"

"Ndikumaliza mndandanda wanu, abambo. Lero pamudzi pano munthu amene wanama za ulendo, kubisa njinga m'munda wa eni ake ndi kulowa pakhomo chokwawa ndi mmodzi yekha. Simunamulembe."

Anandionetsa. Nambala 13, dzina langa lonse, ndi udindo womwe.

Loweruka abusa anamwera tiyi mu samahati, nayamikira kuti ndaimanga ndekha. Amake Esinati anatsokomola pang'ono, ndipo ndinafulumira kunena kuti anansi anathandizako. Tsamba lija analisunga m'buku lawo la nyimbo. Mpaka lero ndikangoyamba kupereka lamulo latsopano panyumba, amangotenga bukulo ndi kuliika pamiyendo, osatsegula.

Phunziro lake ndi lalifupi: usanalembe mayina a akuba, yamba walola akazi ako akuuze kuti thobwalo ndi la chiyani.